Ulendo wa ku Gold Reef City ndi ana: kalongedzedwe ka mankhwala ndi zodzitetezera kuchokera kuno ku Tete

Ana akangomva kuti tchuthi chino tikupita ku Joni kukakwera makatungwe a ku Gold Reef City, paki ya masewera ya ku Johannesburg, tulo timatha m'nyumba. Kutatsala mwezi wathunthu amakhala atapinda kale zovala za kutchalitchi, nsapato atapukuta, akukangana kuti adzakhale pawindo ndani. Za panado palibe amakumbuka, ngakhale bambo awo. Ntchito imeneyo imagwera inu amene mukuwerenga pano.

Ine ndinaidziwa nditapsa nayo. Ulendo wathu woyamba kuchokera ku Ulongwe, mankhwala onse ndinawasonkhanitsa bwinobwino m'kabokosi kamodzi, kabokosiko n'kukalowetsa pansi pa chithumba chachikulu cha mizeremizere chija. Chithumbacho chinakwezedwa m'ngolo ya kumbuyo kwa basi, pamwamba pake matumba a mpunga, nyemba ndi usipa za anthu a geni, kenako lona, zingwe zili gwa. Titaoloka malire a Zimbabwe pa Nyamapanda, kunja kutada, mwana wanga wachiwiri amene ali ndi mphumu anayamba kulira m'chifuwa ngati kamphaka. Kopopera m'kamwa kaja, kamene ena amati bombinha ena inhela, kanali m'ngolomo. Ndinapita kwa kondakitala, iye n'kundiyankha kuti, "Mayi, katundu ameneyo sitimasula panjira, dikirani tifike ku Harare." Ku Harare kunali kudakali maola atatu. Anatipulumutsa ndi mayi wina wa ku Dedza amene anakhala kumbuyo kwathu. Anangondikodola paphewa: "Achemwali, nayi yanga, m'popereni mwanayo."

Mupaki mudzakhalamo maola 6 kapena 7 basi, ndipo muli anthu a chithandizo choyamba, kunja kuli mafamasi a Clicks ndi Dis-Chem m'misika ikuluikulu. Koma kuchoka mumzinda wa Tete, kudzera ku Changara, Cuchamano, Harare, Masvingo, Beitbridge mpaka ku Park Station, siteshoni ya mabasi ya ku Joni, ndi makilomita pafupifupi 1,500, tsiku lathunthu ndi usiku wake, ndipo mu December pa Beitbridge, malire a Zimbabwe ndi South Africa, mzere ukhoza kukudyerani theka la tsiku lina. Choncho polongedza muziona msewuwo m'maso mwanu, pakiyo ibwere pambuyo.

Gawo 1: Lembani anthu kaye, mankhwala pambuyo

Kutatsala masabata atatu, tengani kope la mwana losatha ndipo munthu aliyense wa pa ulendowo mum'patse tsamba lake. Lembani zaka zake, makilogalamu ake, matenda amene amam'vutavuta, mankhwala amene amamwa tsiku ndi tsiku ndi nthawi yake, komanso chimene chimamuwenga, kaya ndi mankhwala monga penicillin kapena cotrimoxazole, kaya ndi mtedza, mazira kapena nsomba. Mukayamba ndi kufamasi mudzagula zimene aliyense amagula, n'kuiwala mapiritsi a BP a apongozi.

Makilogalamu a ana musachite kuyerekeza ndi maso. Mlingo wa mankhwala a mwana umatengera kulemera, ndipo nambala imene ili pakhadi la kusikelo mwina ndi ya chaka chatha. Kawayezeni ku centro de saúde, chipatala chaching'ono cha m'dera lanu. Zikavuta, ngakhale sikelo ya ogula mbatatesi pamsika ingakuthandizeni.

Muwayezenso msinkhu atatsamira khoma, opanda nsapato. Makatungwe akuluakulu monga Anaconda ndi Tower of Terror salola mwana wosafika pa mzere umene anaika, ndipo mlonda sanyengerereka. Ndi bwino mwana alirire kunyumba kuno kusiyana ndi kukalirira pamzere atadikira ola lathunthu padzuwa. Pa tsamba lomwelo chongani amene sayenera kukwera zothamangazo: mayi woyembekezera, wodwala mtima kapena BP yosatsika, wa msana kapena khosi, wa khunyu, ndi amene wachitidwa opaleshoni posachedwa. Ameneyo asadandaule, ndiye adzakhale msungichuma wa chikwama ena ali m'mwamba.

Gawo 2: Pitani kuchipatala kudakali nthawi

Amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a shuga, a BP, a khunyu, a mphumu, a TB kapena ma ARV, akaonane ndi achipatala kutatsala masabata awiri. Auzeni tsiku lonyamuka ndi lobwerera, ndipo mutenge okwanira ulendo wonse ndi sabata ina yapadera. Basi imafa, mtsinje umadzaza, pasipoti imasowa. Amene akuyenda bwino pa ma ARV nthawi zambiri amalandira a miyezi itatu, koma yang'anani pakhadi ngati tsiku lokatenga ena silikugwera muli kunja. Chimodzimodzi amayi a jakisoni wolera wa miyezi itatu, ndi oyembekezera amene ali ndi tsiku la sikelo.

Pemphani receita, kalata ya mankhwala ya dokotala, yolembedwa bwino, yokhala ndi chidindo, ndipo mupemphe kuti alembe dzina lenileni la mankhwalawo, asalembe dzina la kampani. Apa pali mwayi: mayina amenewa pa Chipwitikizi ndi pa Chingerezi amangosiyana mchira. Metformina ndi metformin, amlodipina ndi amlodipine, salbutamol ndi salbutamol yemweyo. Wa kufamasi wa ku Johannesburg amene sadziwa liwu limodzi la Chipwitikizi adzawerenga n'kumva. Jambulani receita, khadi la katemera la mwana aliyense ndi masamba a m'kope aja mufoni, mutumizenso pa WhatsApp kwa m'bale wotsala kunyumba.

Mankhwala onse akhale m'mapaketi ake momwe anachokera. Mapiritsi osakanizasakaniza m'kapepala, kapena ogula pa benchi pamsika opanda dzina ndi tsiku lothera mphamvu, asiyeni. Pamalire amakupatsani mafunso, ndipo usiku m'basi inu nomwe simudzasiyanitsa loyera la BP ndi loyera la panado. Mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine amavuta kwambiri ku Zimbabwe, musawanyamule popanda kalata ya dokotala. Botolo la mizu yonyika limene agogo akukakamiza kuti mutenge, athokozeni mwaulemu, koma litsale.

Tsopano malungo, chifukwa apa m'pamene ife a kuno timasiyana ndi alendo ena onse a mupakimo. Tchuthi chachikulu cha sukulu, December ndi January, ndi nthawi ya dzinja, udzudzu uli mbwee. Mwana akhoza kulumidwa ku Moatize lero, n'kunyamuka ali bwinobwino, thupi n'kukatentha patatha sabata kapena masabata awiri muli ku Joni. Ndiye masabata omaliza amenewa aliyense azigona m'neti mosadumphitsa, ndipo amene wamva mutu, kuphwanya m'thupi kapena kutentha akayezetse magazi musananyamuke. Akam'peza nawo, amalize Coartem yense, kawiri patsiku kwa masiku atatu, akumwera mkaka kapena chakudya cha mafuta pang'ono kuti mankhwala agwire. Musanyamule mwana ali pakati pa mankhwala akadali wofooka chifukwa choti matikiti munagula kale.

Gawo 3: Zogula kufamasi

Sizambiri ayi. Zonse zimakwana m'kabokosi ka ayisikirimu ka malita awiri.

Choyamba ndi paracetamol, wamadzi wa ana ndi wamapiritsi wa akulu. Mlingo wa mwana ndi mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse, pakadutsa maola 4 mpaka 6, osapitirira kanayi pa maola 24. Tinene mwana wa makilogalamu 16: mlingo wake wapamwamba ndi mamiligalamu 240. Ngati pabotolo palembedwa 120 mg/5 ml, ndiye kuti mum'patsa mamililita 10. Koma werengani botolo lililonse, chifukwa ena amakhala amphamvu kuposa pamenepo. Werengerani masamu amenewa kunyumba mutakhala pansi, mulembe pa pulasitala n'kumata pabotolo. Pakati pa usiku mwana akulira, mutu sugwira. Tengani sirinji yopanda singano yoyezera, chifukwa masupuni a m'nyumba sakhala ofanana. Wamkulu asapitirire magalamu 4 patsiku, ndipo dziwani kuti mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol mkati, mukaphatikiza mumavulaza chiwindi. Aspirin musam'patse mwana wosakwana zaka 16. Ibuprofen amathandiza miyendo ya akulu ikaphwanya madzulo, koma amamwa atadya, ndipo si wa woyembekezera, wa zilonda za m'mimba kapena mwana amene akutsegula ndi kusanza.

Chachiwiri, choyezera kutentha thupi cha batire. Dzanja la mayi limanama pamene aliyense wakhala padzuwa. Kuyambira 38 ndi kutentha thupi.

Chachitatu, chimene ndimachiika patsogolo pa zonse panjira: timapaketi ta mchere ndi shuga tobwezeretsa madzi m'thupi, ta SRO, tosachepera 10, ndi mapiritsi a zinki. Paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, osati theka, osati kuthirako Fanta kuti akome. Mwana azimwa pang'onopang'ono, akasanza dikirani mphindi 10 muyambirenso ndi supuni. Otsala akatha maola 24 atayeni. Zinki ndi wa masiku 10 mpaka 14 ngakhale kutsegula kutasiya, mamiligalamu 20 patsiku kwa mwana woposa miyezi 6, ndi 10 kwa wosafika pamenepo. Mapaketi akatha, lita imodzi ya madzi, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere zimagwira ntchito mpaka mutapeza ena. Mapiritsi oimitsa m'mimba a loperamide ndi a akulu okha, pamene basi singaime, ndipo osamwa ngati chimbudzi chili ndi magazi kapena thupi latentha. Tonse tikukumbuka kolera ya 2023 imene inavuta kuno, ku Malawi ndi ku Zimbabwe, njira yomweyi. Chimbudzi chikamatuluka ngati madzi otsukira mpunga, SRO m'manja, ulendo wa kuchipatala chapafupi, za paki ziiwalike.

Chachinayi, a chizungulire ndi nseru. Alipo angapo, monga dimenhydrinate, cinnarizine ndi cyclizine, ndipo aliyense ali ndi zaka zake zoyambira. Safunsa anadya phula: muuzeni wa kufamasi zaka za mwana ndi mankhwala ena amene akumwa. Amamwa ulendo usanayambe, akayamba kale kusanza ndiye kuti mwachedwa. Ambiri amagonetsa, choncho musawaphatikize ndi clorfeniramina wa ziwengo, amenenso amagonetsa. Pa ziwengo ine ndimatenga cetirizine, chifukwa sam'fooketsa kwambiri mwana masana. Mankhwala amene mwana sanamwepo, muyeseni kunyumba tsiku lina, asakayambire pa Changara. Tizidutswa ta jinja totafuna timathandiza akulu ndi ana okulirapo.

Zotsalazi n'zodziwika: mapulasitala a misinkhu yosiyana, bandeji imodzi yotamuka, thonje, mankhwala otsukira bala, kalumo kakang'ono, kopanira kochotsera minga, Vaseline, mafuta othamangitsa udzudzu, sopo, sanitaiza, mapepala a kuchimbudzi, mapadi, matewera ndi zopukutira mwana. Mapadi tengani ngakhale masiku sanakwane, ulendo umasokoneza mwezi, ndipo ngati muli ndi mtsikana wa zaka 11 kapena 12 mum'konzekeretse mwakachetechete. Maantibayotiki ongosungira musagule. Amoxicillin si mankhwala a chimfine.

Wa mphumu atenge mabombinha awiri, imodzi pathupi pake ina kwa inu, ndipo mugwedeze muone ngati muli kanthu. Mwana wamng'ono amakoka bwino mankhwala akapopera kudzera m'kachubu kothandizira. Kakasowa, botolo la pulasitiki la mamililita 500 loboola kumatako limagwira ntchito yomweyo, anamwino angakuonetseni kapangidwe kake. Wa shuga amene amabaya insulin ayisunge m'kachikwama kozizira, koma isakhudzane ndi ayezi, chifukwa ikaundana yatha ntchito, ikatenthedwanso chimodzimodzi. Atenge masingano ochuluka, kamakina koyezera, ndi masiwiti kapena timapaketi ta shuga m'thumba.

Gawo 4: Dzuwa, kuzizira ndi mapazi

Ife a m'chigwa cha Zambezi timadzitama kuti dzuwa tinalizolowera, popeza mu October ndi November kutentha kumapyola madigiri 40. Koma kuno masana timathawira pansi pa mtengo wa masau. Kupaki mumaima pamzere wa simenti kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, pamene mzinda wa Tete sufika ngakhale mamita 200, ndipo kumtunda koteroko kamphepo kamakunamizani kuti kukuzizira pamene dzuwa likukuotchani. Khungu lakuda nalo limapsa, pamphuno, pakhosi ndi pamapewa, mawa lake mwana osafuna kuvala malaya. Gulani mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30 kapena kuposa, mudzole kutatsala mphindi 20 kuti mutuluke, mubwereze pakatha maola awiri alionse ndiponso mukanyowa. Mwana wachialubino afunika SPF 50, malaya a manja aatali, chipewa cha khonde ndi magalasi akuda, popanda kukambirana. Khanda losakwana miyezi 6 salidzoza, amalisunga pamthunzi. Mukafuna kudzola ndi a udzudzu omwe, yambani a dzuwa.

A udzudzuwo ndi a panjira makamaka. Ku Johannesburg kulibe malungo, koma kuchigwa cha Limpopo, pa Beitbridge ndi Musina pamene mumagona pamzere, aliko.

Aliyense akhale ndi chipewa ndi juzi. Basi usiku imazizira ngati filiji. Mukapita mu June kapena July, a ku Angónia ndi Tsangano akudziwa kale chisanu, koma ana a ku Matundo ndi Moatize adzanjenjemera, milomo kung'ambika chifukwa cha mpweya wouma. Vaseline uja ndi wa pamenepo. Kapulana tengani ziwiri kapena zitatu. Imodzi ndi chofunda, ndi mthunzi, ndi thaulo, ndi chotchinga mwana akafuna kudzithandiza patchire, ndi chokolekera mkono ukabinya.

Nsapato zatsopano za Khirisimasi ndizo zimawononga tsiku. Mwana wanga wachisamba anaumirira zake zolimba zija, nthawi isanakwane 11 koloko matuza awiri kuchidendene, akuyenda ngati bakha. Ngati mwagula zatsopano, azivale sabata ziwiri kunyumba. Pamalo pamene payamba kufiira matanipo pulasitala thuza lisanatuluke, ndipo likatuluka musaliboole. Masokosi apadera aliyense, patapata wa kubafa yekha, chifukwa pa makatungwe amene miyendo imalendewera amagwa.

Gawo 5: Gawani patatu

Apa ndiye pagona nkhani. Yalani zonse pamphasa, mutenge zotengera zitatu.

Chikwama cha pamiyendo. Ichi sichichoka pathupi panu, ngakhale potsika kukadinditsa pasipoti. Muikemo mankhwala onse a tsiku ndi tsiku a aliyense, onse ndithu osati a tsiku limodzi, bombinha, insulin, paracetamol, choyezera kutentha, SRO anayi, a nseru, a ziwengo, mapulasitala, sopo, mapepala a kuchimbudzi, majumbo osanziramo osabooka, zovala zosinthira za mwana wamng'ono, receita ndi makhadi. Mabotolo amadzi muwakulunge m'kajumbo kotseka, chivindikiro chili m'mwamba.

Kabokosi ka m'chithumba. Umu mupite zotsala zimene mukhoza kukhala osaziona masiku awiri: SRO ena, bandeji, mapadi ndi matewera ambiri, mafuta a dzuwa, botolo la Certeza, mankhwala othira m'madzi akumwa. Dzifunseni pa chinthu chilichonse kuti, chithumbachi chitasowa pa Beitbridge, alipo angadwale? Yankho likakhala inde, chibwerere pamiyendo.

Kachikwama ka mupaki, kakang'ono ka zipi, komanga m'chiuno kapena kumsana. Kakhale kopanda kanthu mpaka usiku woti mawa mukulowa.

Mankhwala a munthu aliyense akhale m'kajumbo kake kolembedwa dzina ndi nthawi yomwera. Ndipo muwaonetse bambo a ana kapena mwana wamkulu pamene pali chilichonse. Tsiku lina wodwalayo adzakhala inuyo.

Gawo 6: M'basi

Nyamulani madzi a m'botolo osachepera malita awiri munthu aliyense, muziwonjezera poima. Pali chizolowezi chathu choipa chomana ana madzi kuti asavutitse ndi mkodzo. Amafika ku Joni mutu ukuwawa, m'mimba mutauma, tsiku loyamba lonse kugona. Apatseni pang'onopang'ono, ndipo basi ikaima aliyense apite kuchimbudzi kaya akufuna kaya sakufuna. Zimbudzi za panjira zambiri n'zolipira, sungani madola ang'onoang'ono a ku America ogwiritsa ntchito ku Zimbabwe ndi marandi a siliva, mametikali kumeneko sayenda.

Kamba akhale wouma: buledi, mabisiketi, mtedza wokazinga, mbatata yootcha, zipatso zosenda nokha monga nthochi ndi malalanje, koma zipatso ndi nyama zithe musanafike pamalire a South Africa chifukwa akhoza kukulandani. Nkhuku yokazinga ndi mpunga idyedwe maola oyambirira. Imene yagona m'chikwama chotentha mpaka ku Masvingo ndi imene imatsegula banja lonse m'mimba. Manja asambidwe ndi sopo musanadye.

Wa chizungulire akhale kutsogolo, aziyang'ana kutali, foni ayiike pansi. Akulu muzigwedeza mapazi ndi kutsika kuwongola miyendo poima paliponse, makamaka oyembekezera ndi okalamba, chifukwa kukhala malo amodzi nthawi yaitali kumatha kuundanitsa magazi m'mitsempha ya m'miyendo. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, kapena mpweya ukayamba kubanika, n'zofunika chipatala msanga. Nthawi ya kuno, ya ku Zimbabwe ndi ya ku South Africa ndi imodzi, choncho alamu ya mankhwala isasinthidwe.

Gawo 7: Tsiku la paki

Musalowe tsiku lomwe mwafika. Gonani kaye, ana atsitsimuke. Muonenso pa intaneti masiku amene paki imatsegula ndi malamulo ake a zakudya ndi zakumwa zochokera kunja, popeza amasintha. Ngati muli ndi wa shuga kapena khanda, nenani pachipata n'kuonetsa receita.

Usiku wake dzazani kachikwama kachitatu: mankhwala a masana a tsikulo, bombinha, paracetamol ndi sirinji yake, SRO awiri, a ziwengo, mapulasitala asanu, mafuta a dzuwa, sanitaiza, jumbo, padi, thewera, masiwiti a wa shuga. Zonse m'kajumbo kotseka, chifukwa pali makatungwe a pamadzi ndipo ana sangawasiye. Walira mvula walira matope, tengani malaya ndi kabudula zosinthira.

Ana athu amalankhula Chichewa ndi Chipwitikizi, ogwira ntchito kumeneko amalankhula Chingerezi, Chizulu ndi Chisutu. Mwana akasochera sangathe kufotokoza. Lembani pakapepala kolimba m'Chingerezi dzina lake, nambala imene ikugwira muli kumeneko, ndi matenda ake ngati ali nawo, mum'mangirire ndi pini mkati mwa thumba, nambalayo muilembenso pamkono ndi bolopeni. Ngati ndi nambala ya kwathu ya Vodacom, Movitel kapena Tmcel, yambani ndi +258 ndipo muyese ngati ikulowa. M'jambuleni m'mawa uliwonse atavala za tsikulo.

Mukangolowa, ana asanathamange, pezani pa mapu malo a chithandizo choyamba ndi zimbudzi, mugwirizanenso pokumanira. Zothamanga kwambiri kwerani m'mawa mimba isanadzaze. Mukadya masana, dikirani ola limodzi: imeneyo ndi nthawi yabwino yokaona nyumba zakale ndi mbiri ya golide, popeza pakiyi inamangidwa pa mgodi wakale ndipo imakumbutsa za golide amene anapezeka mu 1886 n'kubala mzinda wa Johannesburg, kumene agogo athu ambiri anakagwira ntchito pansi pa nthaka. Chifukwa china chofulumirira n'choti dzinja la kumeneko mvula ya mabingu imakonda kubwera madzulo, nthawi zina ndi matalala, ndipo ikayamba makatungwe ena amaimitsidwa.

Madzi muziwakumbutsa ola lililonse, mwana wosangalala samva ludzu. Chizindikiro chosanama ndi mkodzo: ukakhala wachikasu kwambiri kapena papita maola ambiri asanakodze, madzi achepa. Mwana akafooka, thukuta lili kamukamu, mutu ukupweteka, nseru, m'khazikeni pamthunzi, m'masuleni zovala, m'pukuteni ndi kapulana yonyowa, amwe SRO. Akayamba kubwebweta, kudzandira kapena kukomoka thupi lili moto, itanani thandizo nthawi yomweyo mukupitiriza kumuziziritsa ndi madzi. Pafoni ya m'manja ku South Africa nambala ya ngozi ndi 112, ya ambulansi ndi 10177. Mwana amene wagunda mutu n'kuyamba kusanza kapena kuwodzera, nayenso ndi wa kuchipatala, asakwerenso kanthu.

Gawo 8: Thupi likatentha muli kumeneko

M'patseni paracetamol, koma musakhutire poona kuti kwatsika. Pitani kukiliniki tsiku lomwelo ndipo mawu oyamba akhale akuti mwachokera ku Tete, Mozambique, ndipo mukufuna kuyezetsa malungo. Dokotala wa ku Johannesburg akaona mwana wotentha thupi amayamba waganiza za chimfine, chifukwa malungo sawaona tsiku ndi tsiku monga anamwino athu. Kuchedwa kwa masiku awiri pa mwana wamng'ono n'koopsa. Akayeza osawapeza koma kutentha kukupitirira, bwereraninso mawa lake akayezenso. Kukomoka, kulephera kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kupuma mothamanga, maso kulowa m'kati, izi sizidikira kucha.

Zipatala zolipira kumeneko zimafuna ndalama patsogolo ndipo si zochepa. Ngati mungathe, gulani inshulansi ya paulendo musananyamuke, muwerenge ngati ikukhudza ana onse ndi mayiko onse awiri amene mudutsa. Ngati simungathe, patulani marandi ena mu envelopu, muwaike m'chikwama cha mankhwala, ndipo bambo a ana asawaone ngati ndalama ya katundu wa geni.

Usiku woti mawa mukubwerera, yalaninso zonse pabedi. Werengani mapiritsi a tsiku ndi tsiku muone ngati akukwana masiku atatu a panjira, gulani SRO ndi madzi obwezera amene atha, zovala zonyowa zikhale kutali ndi mankhwala. Pobwerera katundu amachuluka, mabulangeti, mapoto, njinga ya mwana, ndipo pamene mukupanikiza zithumba m'pamene dzanja limafuna kuponyera chikwama cha pamiyendo m'kati kuti manja apepuke. Chikolekeni m'khosi musanayambe kumanga china chilichonse, ndipo bombinha muyigwire ndi dzanja muione musanakwere basi pa Park Station.